Nambala ya Amayi Siifufutika

Anthu akamandifunsa kuti ku Joni ndinabwerako ndi chiyani, ndimawaonetsa makina osokera ali pakhondepa ndi msana wanga wopindikawu. Amaseka, nane ndimaseka. Koma chimene chinandikalambitsa kumeneko si makina ayi. Ndi nambala ya foni ya amayi anga, imene ndinaiika pa intaneti ndi manja angawa, ndipo mpaka lero ndikulephera kuichotsa.

Woyamba kupita anali mkulu wanga Yusufu. Iyeyu anali siginala pa boti la chilimira, ndiye kuti munthu woyang'ana kumene usipa waunjikana n'kuuza anzake poponya ukonde. Usipa utayamba kuvuta anagulitsa njinga yake n'kukwera galimoto ya transipota, kusiya mlamu wanga Abiti Jafali ali ndi mwana kumsana. Chaka choyamba ankaimba Lachisanu lililonse anthu akangotuluka ku Juma, mapemphero a masana a ku mzikiti. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo mafoni ankamubera pafupipafupi, koma nambala ya amayi anailoweza ngati sura ya kumadrasa. Ankabwereka foni ya aliyense n'kuimba. Kenako Lachisanu lina linadutsa, lina linadutsanso, mpaka tinasiya kuwerenga.

Patapita zaka ziwiri nane ndinanyamuka. Ndinkati ndikukafuna ntchito, koma mudzi wonse unkadziwa kuti ndikukafuna munthu. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu wa ku Monkey Bay, atagwira chikwama changa ngati sindingathe kunyamula ndekha.

“Mukamupeza musakamukalipire,” anatero. “Mukangomuuza aimbe. Ngakhale alibe kanthu, aimbe basi.”

Za m'njira sindinena zambiri. Kutentha kwa ku Tete, kukhala pamwamba pa matumba a nsomba zouma mpaka miyendo kufa dzanzi, kutsika n'kukwera pamalire ngati mbuzi za pamsika. Aliyense amene anapitako akudziwa.

Ndinafikira m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ina ku Mayfair, dera lina la mu Joni, mmene tinkagona amuna asanu ndi awiri. Ntchito ndinaipeza yosoka makatani m'chipinda chapansi chopanda zenera. Mwezi wa Juni zala zinkauma ndi kuzizira moti ulusi sunkalowa m'singano, ndipo bwana ankangoyenda kumbuyo kwathu akuwomba m'manja kuti tifulumire. Ine wa kunyanja, wozolowera kugona opanda chofunda, ndinkavala mathalauza awiri. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, ndipo amayi anafolera nyumba ndi malata, koma nthawi zonse ndikaimba funso linali limodzi.

M'chipinda chathu munali Maliko, wa ku Malindi, Mkhristu yekhayo pakati pa ife Asilamu. Ankagwira ntchito yosamalira maluwa kwa azungu, koma anali ataphunzira pa mishoni ndipo Chingerezi ankachiwerenga ngati madzi. Mwezi wa Ramazani ankadyera panja kuti fungo lisativute, ife tikumuseka kuti akubisa nkhumba. Munthu ameneyu anayenda nane Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi. Tinazungulira mizikiti, zipatala, malo okwerera mabasi a kumudzi, chithunzi cha Yusufu chili m'manja. Tinalowa ngakhale mmene amasungira mitembo yopanda eni. Anthu ankayang'ana chithunzicho n'kunena kuti anamuona ku Durban, wina kuti ku mafamu a mphesa, wina kuti anakwatira mayi wa Chizulu. Mawu akuti mtchona ndinawamva mpaka kutopa nawo.

Ndi Maliko amene anandiuza za tsamba lina la pa intaneti lofunirapo anthu osowa. Sindikumuimba mlandu, chifukwa anandichenjeza. Tinakhala pa kompyuta ya m'kashopu ka munthu wa ku Pakistan, iye akulemba, ine ndikunena.

“Tiike nambala yanu yokha, amwene,” anatero.

“Yangayi andibera kale kawiri. Mawa akandiberanso, munthu wodziwa kumene ali Yusufu adzaimbira ndani? Ikani ya amayi. Ija siisintha.”

“Nanga mudzi ndi dzina la amayi tiikirenji?”

“A Yusufu ku Joni kuno alipo angati? Mukakuwa dzina limeneli pa Juma, theka la mzikiti litembenuka. Lembani zonse.”

Ndiye analemba zonse. Mudzi, mfumu yaikulu, dzina la amayi, dzina la mlamu wanga, chipsera cha m'chikhatho chakumanzere pamene chingwe cha injini ya boti chinamudula. Kenako ndinachita chinthu chimene munthu wa kwathu woganiza bwino sangachite. Kwathu mnyamata akatuluka ku jando amalandira dzina latsopano, ndipo la ubwana lija limafa. Kumuitana nalo ndi chipongwe choti mungamenyane. Limangotsala mumtima mwa mayi ake ndi abale a bere limodzi. Yusufu ali mwana anali woonda kwambiri, ndiye amayi ankamutcha Kausipa. Ine ndinauza Maliko kuti alembe limenelonso.

Maliko anachotsa manja pa kompyuta. Ngakhale anali wa tchalitchi, anakulira pakati pa Ayao ndipo ankadziwa.

“Limeneli ayi.”

“Lembani. Akaliona adziwa kuti ndi ife enieni. Akwiya, aimba kuti anditukwane. Ine ndikufuna zomwezo.”

Ndinkadziona wochenjera tsiku limenelo. Ndinatuluka m'kashopu muja ndikuyenda ngati ndamupeza kale.

Sipanapite mwezi, foni ya amayi inalira. Munthu wolankhula Chichewa chabwinobwino anati Yusufu wagundidwa ndi galimoto, ali m'chipatala, madokotala sakumugwira mpaka achibale atumize kanthu. Amayi si opusa. Anafunsa kuti, ngati mulidi naye, mufunseni dzina limene ndinkamuitana ali mwana. Munthuyo anati dikirani, kenako anati, “Akuti Kausipa.” Amayi anagwa pansi. Tsiku lomwelo mbuzi zawo zonse zinapita kumsika, ine asanandiuze n'komwe, poopa kuti ndichedwetsa zinthu ndi mafunso anga. Nditamva ndinathamangira kuchipatala chimene anatchulacho, ndinayang'ana bedi ndi bedi. Kunalibe Yusufu aliyense, ndipo nambala ija inali itazima.

Ndinadziwa pomwepo kumene dzinalo analitenga. Koma sindinawauze amayi. Ndinangoti dziko laipa, musamakhulupirire anthu a pa foni.

Anaimbanso ena. Uyu akuti wamangidwa, uyu akuti ali pamalire alibe yokwerera. Mawu osiyanasiyana, nambala zosiyanasiyana, koma onse ankadziwa chipsera, onse ankadziwa Kausipa. Amene anatimaliza ndi bambo wina wa mawu aulemu, wolankhula Chiyao cha kwathu chenicheni. Anapereka salamu yonse bwinobwino, kenako anati Yusufu wamwalira ndi chifuwa pa famu ina, ndipo iwo monga Asilamu anzake amusambitsa n'kumuika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo. Anangopempha kuti abale abweze ndalama za sanda, nsalu yokulungira mtembo. Ameneyu ngakhale amjomba anga, mchimwene wa amayi, anamukhulupirira. Pamudzi panalira maliro opanda mtembo. Anachita duwa yopempherera womwalirayo, anaphika sadaka, ndipo mlamu wanga analowa edda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba osadzola kanthu.

Ine ndinalira ku Joni, nkhope nditaibisa m'katani ya anthu. Pena ndinkati ndi bodza ngati enawo, pena ndinkati bola zatha.

Edda ili pakati, foni inaliranso. “Amayi, ndine Kausipa, ndili moyo, ndithandizeni.” Mlamu wanga anatuluka m'nyumba n'kufunsa a shehe kuti, kodi ine ndine wamasiye kapena ndine mkazi wa munthu? A shehe anati tidikire umboni. Mpaka lero akudikira. Sangakwatiwe, sangalire, mwana wake samadziwa ngati aziwawerengera duwa ya akufa bambo ake.

Apa m'pamene ndinaulula. Ndinaimbira amayi n'kuwauza kuti dzina lija ndinalilemba ndine, pamalo poti dziko lonse liwerenge. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangoti, “Ndiye kalifufuteni.”

Kalifufuteni. Ngati ndi choko pa bolodi.

Tinabwerera m'kashopu kaja ndi Maliko. Tsamba lija linafuna mawu achinsinsi amene tinalowera tsiku loyamba. Tinali titawaiwala. Linati palibe vuto, titumiza ena ku nambala imene munalembetsera. Nambala imeneyo inali m'foni imene anandilanda anyamata a mipeni pa siteshoni miyezi isanu m'mbuyomo. Maliko anafufuza mpaka anapeza fomu yopemphera kuti achotse zinthu, yobisika pansi penipeni m'tizilembo ting'onoting'ono. Funso loyamba linali lakuti, kodi ndinu mwini wa dzina lalembedwali? Tinayankha kuti ayi. Yankho linabwera patapita sabata, Maliko anandimasulira akugwedeza mutu.

“Akuti pofuna kuteteza anthu, pempho lichokere kwa mwini wake. Atumize chithunzi cha chiphaso chake.”

“Mwini wake uti?”

“Yusufu.”

Ndinaseka mpaka mwini shopu anatembenuka. Munthu wosowa abwere adzapemphe kuti asiye kumufunafuna. Akanakhala woti angathe kutumiza chiphaso, ine ndikanakhala pa mpando umenewo?

Tinayesa njira ina. Tinati nambalayo ndi ya amayi, ndiye pempho likhale la amayi. Anafuna chiphaso chawo ndi umboni woti nambalayo ndi yawodi. Mwana wa amjomba anajambula chiphasocho kumudzi n'kutumiza, chithunzi chosaoneka bwino, a tsambalo anachikana. Anajambulanso, anachilandira. Koma umboni wa nambala unatigwetsa, chifukwa nthawi yolembetsa ma simu amayi anali kudwala, ndipo amene anakaima pamzere ndi chiphaso chake anali amjomba. Pa pepala nambala ya amayi si ya amayi. Tinayambiranso m'dzina la amjomba, munthu woti imelo sakudziwa ngati ndi chakudya kapena mankhwala. Ndipo nthawi yonseyi ndinkaona ndekha kuti pofuna kuchotsa zinthu zathu, ndikuwapatsa zina zimene analibe: nkhope ya amayi, tsiku lawo lobadwa, chiphaso cha amjomba.

Ma Lamlungu angati anathera pamenepo sindikudziwa. Tsiku lina uthenga unabwera woti achotsa. Maliko anatsegula tsambalo, Yusufu panalibe. Ndinamugulira Maliko chipisi ndi nkhuku, tinadya titaima pamsewu, ine ndikuimbira amayi kuti zatheka.

Patangopita masabata atatu wina anaimba, akuti Kausipa wabayidwa.

Maliko sanatsegule tsamba lija ayi. Anangolemba nambala ya amayi pamalo ofufuzira zinthu. Inatuluka pa masamba ena anayi amene sitinawaonepo chibadwire. Ena anakopera zonse monga tinalembera, ndi chithunzi chomwe. Lina linali la anthu amene ntchito yawo ndi kutolera mayina, manambala ndi malo okhala a anthu n'kumagulitsa kwa aliyense wofuna. Pamenepo panali dzina la amayi, mudzi wathu, ndipo pansi pake, pa mndandanda wa achibale, panali ine, ndi dzina la msewu wathu wa ku Mayfair. Sindinawapatse ine limenelo. Kumene analitenga akudziwa okha.

“Amwene,” anatero Maliko, “uku ndi kutola ufa wotayikira mumchenga.”

Komabe tinatola. Tsamba lina linachotsa, patapita miyezi iwiri linabwezeretsa. Lina linafuna kuti tilipire kaye. Lina linalibe fomu, linalibe adiresi, linalibe munthu, ngati nyumba yopanda chitseko. Maliko anawerenga kuti dziko limenelo lili ndi lamulo loteteza zinthu za anthu, ndipo pali ofesi yodandaulirako. Anatsegula fomu yake. Mzere woyamba unkafuna nambala ya chiphaso kapena ya chilolezo chokhalira m'dzikomo. Masiku a mu pasipoti yanga anali atatha kalekale. Ine woyenda ndikuyang'ana kumbuyo, woona galimoto ya apolisi n'kulowa m'shopu ngati ndikugula kanthu, ndikalembe dzina langa ndi pokhala panga n'kupereka ku boma? Tinatseka fomuyo. Sindinadzionepo wopanda pake ngati tsiku limenelo.

Inatsala njira imodzi, yapafupi, yoti mwana aliyense angaganize. Ndinaimbira amayi.

“Amayi, tayani simu imeneyo. Ndikugulirani ina, nambala yatsopano, tidziwe ife tokha.”

“Nanga iye?”

“Amayi, anthu awa akuphani ndi mtima.”

“Ndikufunsa kuti nanga iye? Nambala imene ili m'mutu mwake ndi iyi. Tsiku limene adzabwereke foni n'kuimba, adzamve kuti nambalayi kulibe? Adzati amayi anafa.”

Ndinachonderera, amjomba anachonderera, a shehe anayesa. Amayi anati simuyo idzatayidwa tsiku limene iwo adzalowe m'manda. Ndiye ndinawaphunzitsa chokhacho chimene ndikanatha: nambala ya ku Joni imene simukuidziwa, munthu akangotchula Kausipa, dulani. Ankavomera, koma sankadula. Ankamvetsera mpaka kumapeto, bodza lonse, chifukwa ankati mwina mkati mwa mawuwo amva mawu a mwana wawo. Akatero ankagona masiku awiri osadya.

Maliko anapeza ntchito ku Cape Town. Tsiku lonyamuka anandisiyira pepala limene analembapo masamba onse ndi njira yolembera pempho, mawu a Chingerezi oti ndizingokopera. Anandipepesa, ine ndinamuuza kuti wopepesa ndine. Pepalalo ndikadali nalo, lafewa ngati nsalu. Nditatsala ndekha ndinalimbikira chaka china, koma maso anayamba kuchita chifunga ndipo msana unkakana kuwongoka ndikadzuka pa makina. Bwana anabweretsa mnyamata wa ku Mozambique wa maso akuthwa. Ndinagula makina akale kwa telala wina n'kukwera basi, wopanda Yusufu, wopanda ngakhale manda ake oti ndikaloze.

Kumudzi ndinapeza amayi atachepa thupi, khutu limodzi litagontha. Foni ankaisunga m'kathumba kansalu kolendewera m'khosi, ndipo ankalola kugona ndi njala koma osati foni kuzima. Mwana wa Yusufu anali atayamba sukulu, anandiyang'ana ngati mlendo wogula nsomba. Mlamu wanga anandipatsa moni atagwada monga mwa ulemu, koma maso ake sanakumane ndi anga, ndipo sindikumudandaula. Anthu oimba aja anali atachepako, mwina kamodzi pa miyezi iwiri, poti anadziwa kuti mbuzi zinatha. Ine ndinkati ndikadzangomugwira mmodzi pa foni adzandimva.

Linali Lachisanu, titangochoka ku Juma. Ndinali pakhonde ndikusoka yunifolomu ya mwana wa anthu. Amayi anavula kathumba kaja n'kukaika pa mkeka, n'kupita kuseri kukatawaza, kusamba m'manja ndi kumaso kuti aswali, poti nthawi yopemphera inali itakwana. Foni inalira. Ndinayang'ana, nambala ya ku Joni.

“Salamu aleikumu. Amayi alipo?” Mawu anali okokoka, a munthu wodwala chifuwa kapena wosuta kwambiri.

“Ndinu ndani?”

Anatsokomola. “Ndine Kausipa.”

Zonse za zaka zija zinakwera kumutu. Mbuzi, edda, mafomu, Lamlungu lililonse la m'kashopu. Ndinamutukwana munthu ameneyo m'Chichewa, m'Chiyao, ndi Chizulu chochepa chimene ndinatola kumeneko. Ndinamuuza kuti Mulungu adzamuwotcha, kuti dzinalo analiwerenga pa intaneti ngati anzake onse, kuti nkhalambayi yatsala mafupa okhaokha, akufunanso chiyani. Sanandidule. Anthu aja ukawatulukira amadula msanga, kapena amabwezera kutukwana. Uyu ankangopuma, ndikumva mpweya ukulira m'chifuwa mwake.

Nditatopa anafunsa kuti, “Ndinu achimwene? Munabwerera?”

Dzina langa lili pa tsamba lija, pa mndandanda wa achibale. Aliyense angafunse funso limenelo. Ndinayankha kuti, “Nenani zimene mukufuna, ndalama zingati, tithane.”

“Ayi,” anatero. “Muwauze ndinaimba.”

Foni inaduka.

Ndinakhala ndikuiyang'ana. Kenako ndinakumbukira kuti ndi Lachisanu, ndipo ndi nthawi yomwe ija. Kodi za Lachisanu tinazilembanso pa tsamba lija? Ndinayesa kukumbukira, Maliko akulemba, ine ndikunena. Mwina ndinanena. Mwina sindinanene. Ndinaimba nambalayo. Anayankha mayi wina wolankhula Chisutu chosakaniza ndi Chingerezi. Ndinamva zoti ali ndi kashopu pafupi ndi pokwerera mataxi, kuti bambo wina woonda anabwereka foni, wabweza, wapita. Ndinafunsa za chipsera m'dzanja. Anati sanayang'ane manja ake. Ndinafunsa kuti walowera kuti. Anati anthu ndi ambiri, ndipo ali ndi makasitomala.

Ndikanamufunsa chiyani munthu uja kuti ndidziwe? Zonse zimene tinkadziwa ife tokha ndinazipereka kale. Ndinaganiza pambuyo pake za zinthu zina, mtengo wa mango umene tinagwamo, dzina la boti loyamba la bambo athu, koma zimenezo zinabwera foni itaduka.

Amayi anatulukira kuseri, madzi akudontha m'zigongono.

“Ndinamva ngati yalira.”

“Ndi omwe aja, amayi.”

“Lero akuti watani?”

“Sananene.”

“Apempha zingati?”

Ndikananama. Pakamwa panakana. “Sanapemphe kanthu.”

Amayi anandiyang'ana. Anatenga foniyo m'manja mwanga, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anaibwezera m'kathumba n'kukoleka m'khosi. Anakayala mkeka wawo n'kuswali foni ili pachifuwa.

Nambala ija ndaiimba kambirimbiri, mpaka mayi uja anasiya kuyankha. Pepala la Maliko ndimalitengabe ndikapita ku boma, ndimakhala pa kompyuta n'kukopera mawu aja, ndipo nambala ya amayi imatulukabe, pena pa masamba atatu, pena asanu. Uthenga umene munthu uja anandisiyira sindinaufikitse. Ndimati ndiwauza Lachisanu likubwerali, likafika ndimawaona atakhala pa mkeka kuyambira anthu akutuluka ku Juma mpaka dzuwa kupendeka, khutu labwino lija ataliyandikiza pa kathumba, ndipo mawu amandithawa.

Kuyambira Lachisanu lija amayi sanandigwiritsenso foni yawo. Ikatha moto amayenda okha ndi ndodo mpaka pa shopu yotchajira, n'kukhala pansi pomwepo kuidikira.